Njinga Yokana Kukhotera Kumanja

Inu, tamverani za a Elson Makwinja, bambo aatali ngati mtengo wa bulugamu, amene ankayang'anira minda ya tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. M'chaka cha 2003 kampani inawapatsa njinga yamoto yoyendera m'minda. Koma njingayo inali yaifupi. Akakwera, mawondo ankafika m'makutu, msana n'kupindika, chibwano n'kutsala pang'ono kugunda thanki ya mafuta. Azimayi otchola tiyi ankawatcha a Chikwakwa, komatu monong'ona, poti eniakewo ndiwo ankaitana mayina m'mawa.

Tsono vuto lalikulu silinali msana ayi. A Elson anakwatira ku Khonjeni, mkazi wawo dzina lake Lestina, ndipo chaka chathunthu chinatha mkaziyo akadali kwa mayi ake. A Elson ankagona okha m'nyumba ya kampani ya zipinda zitatu, n'kumapsereza nyemba tsiku ndi tsiku, Loweruka likafika ulendo wa ku Khonjeni. Anapempha chitengwa, kuti mkazi amutenge azikakhala naye ku esiteti. Ankhoswe anavomera. Amalume ake a Lestina anavomera. Anatsala apongozi, mayi Tikhala, amene ananenetsa kuti mwana wawo sapita kumalo kumene iwo sanapondeko. Ndiye anagwirizana kuti Loweruka mkamwini akawatenge pa njinga, akaone nyumbayo. Akakhutira, Lestina asamuka. Akapanda kukhutira, nyemba zipitiriza kupserera.

Lachinayi m'mawa a Elson akudutsa pa ofesi anadziona pa galasi la windo. Mtima unawawa.

"Ine ndikanyamule apongozi nditapindika chonchi? Akati mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wofunafuna singano pansi!"

Anapita kuseri kwa fakitale, kwa a Justice, fitala wokonza makina opera tiyi.

"Achimwene, mahandulowa akwere."

"Akwere apite kuti?"

"Akwere basi. Ndikufuna ndizikhala mowongoka ngati munthu wa mu ofesi."

A Justice anazungulira njinga ija kawiri. Kenako anatola tizitsulo tiwiri, nati atiboola atiike pansi pa mahandulo ngati timipando, amange ndi mabawuti aatali.

"Zala ziwiri zikwana," anatero.

"Ziwiri? Mukundiyesa mwana wa sitandade wani? Ikani chikhatho chonse."

"Bwana, mawayawa anachita kuwayeza kumene inapangidwa njingayi. Uyu ndi wa moto, uyu wa kilatchi. Mukakweza kwambiri akokeka. Pafunika mawaya aatali, ndipo amenewo ndi ku Limbe."

"Ku Limbe ndi Lolemba, apongozi ndi Loweruka. Mangani, achimwene."

A Justice anapukusa mutu, n'kumanga.

Eee, inu, mukanawaona! Atakwera, msana unawongoka kuti njo, chifuwa patsogolo, manja m'mwamba ngati m'busa wodalitsa mpingo. Kwa nthawi yoyamba anaona kuti kutsogolo kwa njinga kuli mapiri, kuli mitambo, kuli mbalame. Chaka chonse ankangoona tayala! Anapita kukaiyesa pa bwalo la mpira la pa esiteti, nazungulira kasanu ndi kamodzi akuimba nyimbo ya kwaya. Koma anazungulira mmene amathamangira ana asukulu pa mpikisano: kumanzere, kumanzere, kumanzere kokhakokha. Njinga inayenda ngati mafuta.

"Mwaiyesa mbali zonse?" anafuula a Justice ali pakhomo la shapu.

"Ndaiyesa kasanu ndi kamodzi!"

Lachisanu sanaikwere n'komwe. Anaitsuka, anaipukuta, naiimika pakhonde, minda yonse n'kuyendera wapansi kuopa matope.

Loweruka anavala jekete, nanyamuka. Pa shedi yoyezera tiyi msewu umakhotera kumanja. Atangopinda mahandulo, njinga inalira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, n'kudumpha! Anapulumukira mu udzu wa m'mbali mwa msewu. Anaima, napinda mahandulo pang'onopang'ono kumanja: injini inakuwa. Anawongola: inakhala chete. Kumanzere: chete. Kumanja: kukuwa. Waya wa moto uja anali atakokeka ndithu, moti ukangokhotera kumanja, njinga inkadziwonjezera moto yokha.

Munthu wina akanabwerera kwa a Justice. Koma dzuwa linali litakwera, ndipo apongozi sadikiritsidwa. Choncho paliponse pokhotera kumanja a Elson ankazimitsa injini, kutsika, kukankha, kukweranso, kuliza. Anachita zimenezi kakhumi ndi kamodzi. Ali pafupi kufika, nzeru inawabwerera, naseka okha pamsewu.

"Pobwerera, kumanja konseku kukhala kumanzere! Elson, uli ndi mutu iwe!"

Sanaganizeko zoti kumanzere konse kumene anadutsa bwinobwino kuja nakonso kutembenuka.

Ku Khonjeni anawalandira mwaulemu wake. Paja kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, satchulana mayina, ndipo zokhudzana ndiye musanene n'komwe. A Elson ananjuta patali, kuseri kwa khitchini, nkhope kuloza ku nkhokwe. Mayi Tikhala anakhala pakhonde kuyang'ana ku mtengo wa mapeyala. Lestina ndiye ankayenda pakati kunyamula moni.

Pokwera njinga m'pamene panaoneka chinthu china. Kale a Elson akapindika, kumbuyo kunkatsala malo okwana munthu ndi thumba la chimanga. Tsopano atawongoka, msana wawo unafika pakati pa chishalo. Apongozi akanakhala, akanatsamirana.

"Ine pamenepo ayi," anatero mayi Tikhala, akuuza mtengo wa mapeyala.

Lestina anathamangira m'nyumba, natuluka ndi mkoko wa nthochi zakupsa umene anasungira mwamuna wake. Anauimika pakati. Mayi ake anakhala chammbali, miyendo mbali imodzi, dzanja lina pa nthochi, lina pa keliyala. Khoma linamangidwa, ulemu unasungika.

"Bambo, muyende nawo bwino," Lestina ananong'oneza mwamuna wake. "Ine zovala ndalongedza kale."

Mawu amenewo anawalowa a Elson ngati tiyi wa mkaka. Ananyamuka ali nganganga, anthu a m'mudzi akuwayang'ana.

Kuchokera ku Khonjeni msewu unkakhota pang'onopang'ono, ndipo iwo ankangopendeketsa thupi osapinda mahandulo. Zinthu zinavuta atalowa m'minda ya tiyi. Mphambano yoyamba, njira ya kunyumba inali kumanja, kona yeniyeni. Azimitse injini? Ndiye kuti apongozi atsike, nthochi zitsike, akankhe, akwerenso, ndipo pakona yotsatira chimodzimodzi. Mayi ake a munthu angapereke mwana wawo kwa mwamuna woyenda motero? A Elson anawerengera msanga: kumanzere katatu n'chimodzimodzi kumanja kamodzi. Anapitirira mphambano ija, nakhotera kumanzere.

Kumeneko kunali gulu la azimayi makumi anayi, madengu kumsana, akutchola tiyi. Wina wa duku lofiira, Alesi, amene pakamwa pake sipankatsekeka, anaponya manja m'mwamba.

"Amayi inu, taonani! Awongoka! Abwana awongoka!"

Nthungululu zinamveka munda wonse. A Elson anakweza chibwano. Kumanzere. Kumanzerenso. Koma minda ya tiyi si ya makona anayi ngati mabuku. Imatsata mapiri mmene anakhalira. Njira yachitatu inazungulira chitunda, inatsika, inakwera, n'kuwatula pomwe paja pa azimayi aja.

"Mwaswera bwanji kachiwiri, bwana!" anafuula Alesi.

Kumbuyo kwa nthochi kunamveka kutsokomola. Pa njinga panalibe Lestina woti anyamule mawu, choncho mayi Tikhala analankhula ndi mphepo.

"Amayi a duku lofiirawa ndi mapasa?"

A Elson nawonso anayankha mphepo. "Kuno maduku ofiira ndi ambiri."

"Ooo."

Anayesa njira ina ya kumanzere, yodutsa pa damu. Inawapititsa ku nazale ya tiyi, ku nkhalango ya bulugamu, kuseri kwa fakitale kumene a Justice anatuluka ndi sipanala m'manja n'kuwayang'ana mpaka anazimiririka. Thukuta linayamba kutsika m'jekete. Nthochi zinayamba kufewa.

"Kodi anthu ena nyumba yawo amaidziwa?" inafunsidwa mphepo.

"Anthu ena akufuna alendo aone kaye kukula kwa esiteti."

"Alendo aona. Ndi yaikulu. Alendo matako achita dzanzi."

"Tatsala pang'ono kufika."

Atatuluka m'mabulugamu, ndi awo azimayi aja kachitatu! Ulendo uno anali ataika madengu pansi, atandanda m'mbali mwa msewu ngati akudikira nduna. Ena ankawomba m'manja. Wina anayambitsa nyimbo.

"Bwana, mukadzadutsanso mutigulireko mandasi!" anatero Alesi.

Pamenepo mayi Tikhala anasuzumira kumbali kwa nthochi. Kumunsi, kudzanja lamanja, kunali nyumba ya denga lofiira, ndipo kanjira kolowera kumeneko kanali pomwepo, mapazi khumi kutsogolo.

"Denga lofiira, thanki yamadzi pambali. Si nyumba imene amanena Lestina ija? Tadutsa pano katatu ine ndikuiona. Anthu ena akhote apa."

"Kutsogoloku kuli njira ina yabwino kwambiri..."

"Apa!"

Inu, mkamwini angakane mawu a apongozi pamaso pa anthu makumi anayi? A Elson anapemphera pemphero lalifupi kwambiri m'moyo wawo, nachepetsa moto mpaka njinga inkangoyenda ngati kamba. Anagwira kilatchi. Anapinda mahandulo kumanja.

Injini inakuwa moti mbalame zinabalalika m'mitengo. Ndi mantha, dzanja linataya kilatchi. Tayala lakutsogolo linanyamuka kuloza kumwamba! Msana wa a Elson unabwerera m'mbuyo, apongozi anabwera kutsogolo, ndipo khoma la nthochi linangoti phwatha, phala kutulukira mbali zonse. Mayi Tikhala anataya keliyala, nakumbatira mkamwini wawo m'chiuno ndi manja onse awiri.

"Elson iwe! Elson! Undipha, mwana wa eni!"

Dzina lenileni, kawiri konse, mokweza, chigwa chonse n'kubwereza!

Njinga sinalowe kanjira kaja. Inadutsa pakati, inakalowetsa mutu mu ngalande n'kuima pomwepo. Koma okwerawo sanaime. Anauluka, jekete ndi chitenje zikupepeluka, nakagwa chagada pamwamba pa tiyi.

Tsono tiyi wa m'munda wa a Elson ankatcholedwa mosamala, pamwamba pake pali see ngati tebulo, nthambi zolukanalukana. Sanafike pansi ayi. Anangonjanja kawiri ngati pa matiresi, n'kukhala pomwepo, wina apa wina apo, mkono umodzi pakati pawo, onse kuyang'ana kumwamba.

Azimayi aja anafika akuthamanga, naima mozungulira, manja pakamwa. A Elson anayendetsa zala zakumapazi, napeza kuti zonse zilipo, koma sanasangalale. Ankaona Lestina akumasula zovala zija, chimodzichimodzi, kubwezera m'sutukesi ya pansi pa bedi.

Kenako tiyi anayamba kugwedezeka. Anali mayi Tikhala. Ankaseka! Anaseka mpaka misozi kutsikira m'makutu, phala la nthochi lili pachipumi. Azimayi makumi anayi anaphulika nawo limodzi, ena kugwa pansi, ena kumenyana pamapewa.

Atapuma, apongozi anakonza duku akadali chigonere, ulemu n'kubwerera m'malo mwake.

"Amayi inu a duku lofiira, tabwerani. Afunseni anthu ena ngati avulala."

Alesi anaima pakati pawo, tiyi akumufika m'chiuno. "Bwana, akuti mwavulala?"

"Auzeni kuti ayi. Auzeni kuti ndapepesa kwambiri. Waya wa moto ndi amene..."

"Akuti waya."

"Ndamva. Auzeni kuti mawa akamutenge mkazi wawo."

A Elson anadzuka ndi chigongono, tiyi n'kuwameza mkono wonse. "Afunseni bwino, mwina amenyetsa mutu. Nyumba sanaione!"

"Akuti nyumba simunaione, mayi."

"Kaya ndi ya udzu, kaya ilibe chitseko, akamutenge. Lestina akakhala kwanga, bambowa azibwera ku Khonjeni Loweruka lililonse pa chinthu ichi, ndipo mwana wanga akhala mkazi wamasiye mvula isanagwe. Bola akhale nawo pafupi, aziwabisira kiyi."

"Bwana, akuti..."

"Ndamva, Alesi, ndamva! Auzeni kuti zikomo! Auzeni kuti ndiwaperekeza pompano, pobwerera makona ambiri ndi a kumanzere!"

Mayi Tikhala sanadikire kuti Alesi anyamule mawu amenewo. Anatambasula manja kuti azimayi awatsitse.

"Thirakitala yonyamula tiyi imadutsa nthawi yanji pano? Ine ndikwera imeneyo. Ndipo muwauze anthu ena kuti mawa abwere wapansi."