Lesitilanti ya Chikoreya Yopanda Chikwangwani

Ndaganiza zoifotokoza ndekha nkhaniyi, chifukwa mmene akuifotokozera mayi a Dali kutchalitchi kwathu ku Croydon ikungokulirakulira. Lamlungu lapitali ndinamva kuti mpaka kunabwera apolisi. Apolisi sanabwere, abale anga. Zinazo n'zoona.

Mayi a Dali ndi akazi anga, namwino pachipatala china ku Lewisham. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Croydon. Zaka ziwiri zapitazi mayiwa analowerera ndi mafilimu a Chikoreya. Akangoweruka, nsapato uko, foni m'manja, misozi chuchuchu kulirira mnyamata wa ku Seoul amene sadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli mayi a Dali. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere kwenikweni ndi zakudya zake. "Bambo a Dali, taonani akuotchera nyama patebulo pomwepo! Taonani timbale timeneto, kuchuluka kwake!"

Ndiye ukwati wathu unali pafupi kukwanitsa zaka khumi ndi zisanu. Chaka chinacho ndinaliiwala tsikuli, ndipo m'nyumba munazizira kuposa Januwale wa kuno. Ulendo uno ndinafuna kuchotsa chitonzo. Ndinaima pakati pa khitchini n'kulengeza kuti, "Tikupita kuchilumba. Ndipo tsiku lenilenilo mukadya nyama ya Chikoreya, yootchera patebulo."

Anzathu akati chilumba amanena Tenerife, koma pasipoti yathu ija kulikonse imafuna viza, ndiye changa chinali Isle of Wight (sitima mpaka ku Portsmouth, kenako ina ya pamadzi, basi wafika kunja).

"Mwafufuza kuti kuli lesitilanti yoteroyo?" anandifunsa.

"Mayi, kuno n'ku Ulaya. Ngati ku Tottenham timagula usipa, chingasowe n'chiyani?"

Sindinafufuze.

Ana tinakawasiya kwa azakhali awo, ife uyo ulendo. Tinafikira m'tauni ya Shanklin, kanyumba ka alendo kokongola, nyanja ili apo. Mayi ali kosamba, ndinatulutsa foni mwakachetechete n'kulemba zimene ndimafuna. Kadontho kofiira ka pamapu kanadumpha madzi onse aja n'kukatera tsidya lina, kumene tinachokera. Ndinalembanso. Kanadumphanso.

Mayi amene amayang'anira kanyumbako anandilozera malo ena pakona, akuti "n'zofananako". Madzulo ake ndinawatengera mayi a Dali kumeneko ngati kongolawa chabe. Anali malo a Chitchaina, ogula n'kunyamula. Ndinawauza kuti chimenechi n'Chikoreya cha kumudzi, chosiyana pang'ono ndi cha m'tauni chimene amaona m'mafilimu.

"Kimchi ali kuti?" (Kimchi ndi kabichi wowawasa wothira tsabola, ndipo kwa mayiwa popanda ameneyo palibe nkhani.)

"Akuti watha."

Anandiyang'ana mmene amayang'anira wodwala wonama kuti wamwa mankhwala. "Mawa ndi mawa, bambo a Dali," anatero.

Kutacha ndinayamba kufunsa aliyense woyenda ndi miyendo iwiri. Dalaivala wa basi anapukusa mutu. Wogulitsa ayisikilimu anati nsomba ndi tchipisi za pachilumbapo n'zabwino zedi. Bambo wina wachikulire, nditamuuza kuti ndikufuna za "Koliya", anamva ngati ndikufuna "courier", otumiza maphukusi aja, ndipo anatiperekeza mwaulemu wonse mpaka pakhomo la positi ofesi (L ndi R ameneyu adzatiphetsa). Tinamuthokoza, n'kulowa, n'kudikira kuti apite.

Pofika cha m'ma 3 koloko masana tinali tikukwera kamtunda kena kumbuyo kwa tauni. Mayi anali atavala diresi yawo yobiriwira ya pa zikondwerero, nsapato zazitali zili m'manja, ndipo anali atasiya kuyankhula. Amuna anzanga mukudziwa kuti kukalipa kuli bwino.

Kenako fungo. Nyama yootcha, adyo, ndi kena kotsekemera. Mphuno inanditsogolera mpaka pageti lotsegula la nyumba ina yaikulu. Pagetipo anamatapo pepala la zilembo zija za timizere ndi timipira. M'kati, pakapinga, tebulo lalitali, timbale tambirimbiri, mbaula zing'onozing'ono pakati, anthu ngati khumi ndi asanu, ndi bambo wina wovala epuloni akudula nyama ndi sizasi, ndendende ngati m'filimu.

Ndinavina pamsewu pomwepo. "Si iyi! Ndinakuuzani ine! Mumandikayikira!"

"Koma bwanji palibe chikwangwani chenicheni?"

"Malo enieni sadzilengeza, mayi. Amadziwika ndi odziwa."

Njala ndi fungo zinawagonjetsa. Tinalowa.

Kumutu kwa tebulo kunakhala agogo ena aakazi, aafupi, atavala zovala za pinki zonyezimira. Ndinadziwa kuti eni malo ndi amenewa. Ndinawerama mmene ndimaonera pafoni ya mayi, n'kutulutsa liwu limodzi lokha la Chikoreya limene ndinalimva kambirimbiri, poganiza kuti ndi moni. "Saranghe!"

Tebulo lonse linaphulika. Agogo anagwira pakamwa. Mayi a Dali ananditsina m'nthiti. "Mwawauza kuti mumawakonda," ananong'ona.

"Ndiye n'kulakwa? Taonani akondwa."

Bambo wa epuloni uja anabwera akumwetulira. "Mwabwera! Tasangalala kwambiri. Khalani, khalani," anatero m'Chingerezi, n'kutikokera mipando iwiri kumapeto kwa tebulo. Sanatipatse pepala losankhira zakudya. Ndinawafotokozera mayi kuti malo apamwamba amatero, wophika ndiye amakusankhira.

Abale, nyama imene ija! Mtsikana wina anationetsa kukulunga kachidutswa m'tsamba la letesi pamodzi ndi adyo ndi mpunga, n'kuponya mkamwa kamodzi. Mayi a Dali analawa, n'kutsinzina, n'kundigwira dzanja pansi pa tebulo. Kimchi anali pomwepo, mbale yodzaza. Ndinadzimva ngati ndagula chilumba chonsecho.

Apa m'pamene matama anandikwera. Ndinayamba kukweza chala. "Bwana, nyama ina kuno!" Bambo wa epuloni anabweretsa. "Madzi ozizira alipo?" Anabweretsa. Ndinatapa supuni yonse ya zofiira zina poyesa tomato, zinali tsabola, ndinalira misozi yeniyeni, koma ngakhale zimenezo sizinandikhazike pansi. Ndinamuitananso bamboyo n'kumupatsa malangizo aulere, kuti chakudya chake n'chabwino koma aike chikwangwani kumsewu waukulu, anthu akuvutika kumupeza. Anandiyang'ana pang'ono, n'kuseka, n'kunena kuti aganizirapo.

Kenako ndinamukokera pambali. "Lerotu ndi tsiku lalikulu. Pali kanthu kapadera kamene mungachite?"

Anatsinzinira diso limodzi. "Musadandaule. Keke ikubwera."

Ndinabwerera pampando mtima ukuvina. Anthu awa, ndinatero mumtima, ntchito amaidziwa.

Posakhalitsa anthu onse anaimirira n'kuyamba kuimba akuwomba m'manja. Mtsikana uja anatuluka m'nyumba atanyamula keke yaikulu yoyera, makandulo ali ngwee. Anabwera molunjika kwa ife. Atafika pampando wanga anaima. (Ndinazindikira pambuyo pake kuti anaima chifukwa mpando wangawo unatseka njira.) Ine ndinadzuka, n'kuwakoka mayi a Dali, n'kukoka mpweya wa munthu woimba besi m'kwaya ya abambo.

Fuuu!

Onse, ulendo umodzi. Sipanatsale ngakhale limodzi.

Nyimbo inathera pakati. Utsi utachepa ndinaona manambala awiri agolide pamwamba pa kekeyo, 7 ndi 0. Ndikuvomereza pamaso panu kuti chinthu choyamba chimene ndinaganiza n'chakuti alakwitsa kuwerengera zaka zathu.

"Bambo a Dali," anatero mayi, mawu ali pansipansi. "Khalani pansi. Ino ndi nyumba ya anthu."

Zinatuluka pang'onopang'ono, ngati dzino lovuta. Banjali linabwereka nyumbayo kwa masiku ochepa kudzakondwerera kuti mayi awo akwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri. M'mawa mwake anasiya kakalata pakhomo la nyumba yoyandikana nayo, kupepesa za utsi ndi kuitana eni ake kuti abwere adzadye nawo. Atationa anangoti aneba aja ndi awa. Bambo wa epuloni, amene ndinkamukwezera chala, anali mwana woyamba wa agogowo, dokotala wa mano.

Ndinapepesa m'Chingerezi. Ndinapepesa m'Chichewa. Ndinagwada ndithu, pakapinga, thalauza langa la ukwati. Agogo anafunsa kuti kwagwanji, wina n'kuwamasulira zonse kuyambira pageti. Kenako agogo anayamba kuseka, kuseka komenya tebulo mpaka timbale kudumpha. Atapezako mpweya ananena zinazake akundiloza ndi timitengo todyera.

"Akuti," anamasulira dokotala uja akupukuta misozi, "munthu amene wawauza kuti amawakonda, wadya nyama yawo, wazimanso makandulo awo, ndiye kuti ndi mwamuna wawo. Akuti mukatsuke mbale."

Anayatsanso makandulo, ine atandiimika kutali kumpanda, agogo n'kuzima okha bwinobwino. Atamva kuti nafenso tinali ndi chikondwerero, anatidulira chidutswa chachikulu kuposa onse. Kenako ndinavala epuloni ija. Timbale timene tinkawasangalatsa mayi m'mafilimu tija, dziwani kuti pali amene amatitsuka. Pawindo ndinkawaona mayi a Dali atakhala phewa ndi phewa ndi agogo, akuonetsana zithunzi za anyamata a m'mafilimu pafoni, wina Chichewa wina Chikoreya, akumvana bwinobwino.

Dokotala ankapukuta zimene ndatsuka. Anandifunsa kumene timakhala.

"Ku Croydon."

Anaika kansalu pansi. "Croydon yake ya ku London?" Ndinavomera. "Ifetu timakhala ku New Malden. Msewu wathu waukulu ndi malesitilanti a Chikoreya okhaokha. Kuchokera kwanuko ndi basi imodzi."

Basi imodzi. Ine ndinakwera sitima ziwiri, n'kuwoloka nyanja.

Pobwerera mayi a Dali anaseka kuyambira padoko mpaka ku East Croydon, ndipo anati m'zaka khumi ndi zisanu zonsezi sindinawapatsepo tsiku loposa limeneli. Ndinalandira, ngakhale sindikudziwabe ngati kunali kuyamikira.

Masiku ano ku New Malden timapitako tonse tikakhala pa ofu kuntchito. Ndimawerenga chikwangwani kawiri, ndipo ndikalowa ndimafunsabe ngati muno amagulitsadi chakudya. Ndinkaona ngati ndachira. Koma mwezi watha, tili pakati pa kudya, anthu anayamba kuimba, keke n'kutulukira kukhitchini kulowera patebulo la kuseri kwathu. Ndinangomva dzanja landigwira lamba kumbuyo, mwamphamvu.

"Sindimadzukatu ine," ndinatero.

"Mpweya munakoka kale," anatero mayi a Dali, osandisiya mpaka eni ake atazima.