Tsiku Lomwe Ndinakweza Gemu pa Sikelo ya Tiyi

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma a Namakhwa, kalaliki wathu wa pa sikelo, ayamba kuifotokoza m'maliro ndi m'maukwati, ndipo sabata iliyonse ikunenepa. Bola ndiinene ndekha isanamere nyanga. Ndi ya manyazi, manyazi aja oti ukawakumbukira uli wekha m'bafa umatseka maso.

Ine ndine Faisoni, wothyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Dzina la esitetiyo sinditchula, ntchito ndikuifunabe. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma kalasi imeneyo ndinaiphunzira katatu, ndiye mukaphatikiza bwinobwino ndili ngati wa ku sekondale.

Ife othyola tiyi timakhulupirira zinthu ziwiri: Mulungu ndi sikelo. Kapitawo akhoza kukunamiza, mitambo ikhoza kukunamiza, koma dengu likakwera pa sikelo, nambala yomwe yatuluka ndiyo yomweyo. Ine ndiye ndinachita kunyanya. Chilichonse cha pakhomo panga chinakwerapo pa sikelo ya kampani: maungu, tambala, ngakhale mwana wathu Esinati ali wakhanda. Makamaka chinthu chikamapita kwa amisiri. Wailesi ikamapita kokakonzedwa ndimayamba ndaiyeza, ikabwera ndimaiyezanso, kuti ndidziwe ngati sanabemo ziwalo.

Chaka chatha msuweni wanga atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira makina a magemu a pa TV. Akale ndithu koma amoyo, pamodzi ndi mawaya ake ndi mapadi awiri, tija togwira m'manja posewera. Gemu yokha ndiyo munalibe.

Mutu wanga unayamba kuyendayenda. Pa Khonjeni mnzanga ali ndi malo ometera, muli magetsi ndi TV. Ndinkaona kale amuna atadzazamo tsiku la malipiro, akulimbirana kusewera mpira, ine nditakhala pakhomo ndi chipewa chopendeka, dengu nditatsanzikana nalo. Sindinkakhazikika. Ndinkathyola masamba uku ndikulankhula ndekha, mpaka akapitawo anandifunsa ngati pali mankhwala omwe ndasiya kumwa.

Chosowa chinali gemu ya mpirayo, ndipo chuma chokha chomwe chinkayenda pakhomo pathu chinali mbuzi ya akazi anga, amake Esinati.

Apa ndiyenera kuulula kuti ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma pamalo pa apongozi, ndipo changachanga pamudzi paja ndi bulangete ndi njinga yopanda tcheni. Mbiri yanga ya bizinesi nayonso sinali yokoma. Kunali nkhunda zomwe zinabwerera kwa yemwe anandigulitsa. Kunali makina a popukoni omwe anatentha khitchini. Ndinanyengerera masabata awiri, ndipo pomaliza amake Esinati anavomera, koma anaika lamulo pamaso pa amalume awo. Mbuzi ipite, koma chomwe ndikagule chifike pakhomo, achione ndi maso, achigwire ndi manja. Ndikabwera ndi nkhani m'malo mwa katundu, ndipinde bulangete langa ndibwerere kwathu ku Masambanjati.

Mbuzi inapita Lachiwiri. Lachitatu ndinakulunga makina, mapadi ndi mawaya m'chitenje, kuika m'chikwama, n'kukweza pa sikelo pakati pa madengu a masamba. A Namakhwa sanafunse n'komwe, anazolowera. Anangoti, "Firii pointi folo." Makilo atatu ndi magalamu mazana anayi. Ndinalemba pa dzanja.

Lachinayi ndinauza akapitawo kuti dzino landigwira. Kabaza mpaka pa tala, minibasi mpaka pa Bvumbwe.

Kuseri kwa msika wa ndiwo zamasamba kuli kashopu ka a Dikisoni, bambo wodekha wa magalasi, wogulitsa mafoni ndi magemu. Anandiyalira njira ziwiri. Yoyamba inali chimbale. Umachigwira, umachiika pa shelefu, ukatopa nacho umagulitsa kapena kusinthana ndi mnzako. Koma chimakalika, fumbi ndi zala za mafuta a tchipisi zimachipha, komanso cha mpira chomwe ndinkafuna chinali chitatha, mpaka aitanitse, masabata awiri kapena atatu. Yachiwiri inali dawunilodi. Gemu yomweyo, amaigula pa intaneti n'kuilowetsa m'makina tsiku lomwelo. Siikalika, siisowa, koma sungaigulitsenso, ndipo palibe chonyamula m'manja.

Mawu omalizawo ndinawamva ndithu, sindinganame. Koma masabata atatu! Malipiro anali Loweruka lomwelo. Komanso m'shopumo munali anthu ena, ndipo sindinafune kuoneka ngati ndangotsika kumene m'phiri. Ndinasanjikiza miyendo n'kunena mokweza kuti zimbale ndi za makolo athu, ife a masiku ano timayendera dawunilodi.

A Dikisoni analumikiza makina ku TV, pagalasi panabwera kamzere. Anati kakafika kumapeto ndiye kuti gemu yalowa.

Kamzereko kankayenda ngati nkhono yodwala malungo. Ndinakhala, ndinaima. Ndinatuluka kukagula chinangwa, ndinabwerera, kanali pomwepo. Ndinafunsa ngati ndingakwere padenga kukagwirizira netiweki. Ndinawerenga mafoni onse a m'shopumo kawiri. Mpaka dzuwa kupendeka, ine ndevu zitamera zina.

Kamzere katangogunda kumapeto, magetsi thi.

A Dikisoni anati gemu yalowa, koma ndidikire magetsi abwere kuti tiyese ndione ndekha. Nthawi yomweyo kunja kondakitala ankakuwa kuti watsala munthu mmodzi wa ku Thyolo. Ine kudikiranso? Ndinazula mawaya, kuwakulunga pa padi imodzi, kuiika pa benchi kuti ndimange bwino makina m'chitenje. Kondakitala anakuwanso, minibasi inayamba kusuntha. Ndinatola chikwama, liwiro.

Kunyumba ndinapeza amake Esinati akundidikira pakhonde, apongozi ali chapatali pamphasa akusenda nandolo. Akazi anga anasolola makinawo m'chitenje, kuwatembenuza, kuwagwedeza pafupi ndi khutu. Kenako anayatsa tochi ya foni n'kusuzumira pakamwa polowetsera chimbale.

"Abambo ake Esinati, awa ndi makina omwe munapita nawo aja. Chomwe mwagula chili kuti?"

"Chili m'katimo."

"M'katimu muli mdima wokhawokha."

Ndinafotokoza za intaneti, za netiweki, za kamzere. Pakhomo pathu palibe magetsi oti ndikanayatsa. Apongozi, poti mwambo suwalola kulankhula nane maso ndi maso, anatembenukira nkhuku. Anaziuza nkhukuzo kuti kuli anthu ena amachoka ndi mbuzi ya miyendo inayi n'kubwerako ndi mphepo. Anawonjezanso kuti bulangete likachapidwa lero, pofika mkucha likhala litauma.

Apa m'pamene nzeru za sitandade sikisi zinandifikira. Ndinawauza akazi anga kuti asadandaule, sikelo ikachitira umboni. Bwalo lonse la mpira, osewera makumi awiri ndi awiri, woyimbira, ochemerera, ng'oma zawo, zonsezo sizingalowe m'makina popanda kulemera. Pang'ono penipeni payenera kuwonjezekera kilo imodzi. Amake Esinati nawonso anathyolapo tiyi ali mtsikana, ndiye mfundoyi inawagwira. Anati chabwino, mawa akaonera okha.

Lachisanu kunali chiperoni, kamvula kaja kosagwa koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Pashedi yoyezera masamba panali mzere wa madengu, anthu akunjenjemera. Ine ndinadumpha mzere, n'kulengeza kuti aliyense ayang'ane, lero aona kulemera kwa sayansi. Amake Esinati anaima pambali atafunda chitenje kumutu.

A Namakhwa anakoleka chikwama. Anayang'ana nambala. Anapukuta galasi la sikelo ndi malaya, kutsitsa chikwama, kuchikolekanso.

"Firii pointi ziro, a Faisoni."

Ngakhale thirakitala yodikira masamba inaoneka ngati yachita manyazi.

Kenako aliyense anasanduka katswiri. Mayi wina anati achotsamo injini. Bambo wina anati nayenso foni yake inabwerako kokonzetsa ili yopepuka, ndipo kuyambira pamenepo imangoyimba nambala za achibale a akazi ake. Akapitawo, omwe anaiwala zofunsa za dzino langa, anati magalamu mazana anayi si masewera, pa tiyi munthu amachotsedwa ntchito ndi zochepera pamenepo. A Namakhwa analemba manambala awiri aja pa kapepala, n'kusayina.

Mtima wanga unawira, koma pansi pake panali kachimwemwe. Ndiye kuti sindine chitsiru, ndine munthu woberedwa! Ndinamanga chikwama mfundo zitatu n'kulamula kuti wina asatsegule, umenewu ndi umboni. Amake Esinati anangoti mawa tipitira limodzi, ndipo bulangete lachapidwa kale.

Loweruka lija la malipiro, lomwe ndinayenera kutsegulira bizinesi, linandipeza m'minibasi ndikuzenga mlandu. Pofika pa Bvumbwe, minibasi yonse inali mbali yanga, ndipo anthu atatu anatsika nafe pomwe ulendo wawo unali wa ku Limbe. Ndinabwereka sikelo kwa wogulitsa nyama, iyenso anatseka benchi yake n'kutitsatira. Amayi a kabichi atamva kuti kukugwidwa wakuba, anasiya kabichi. Tinalowa m'kashopu kaja ngati tikuperekeza mkwatibwi.

Ndinaika sikelo pa kauntala, chikwama pamwamba, kapepala ka a Namakhwa pambali.

"A Dikisoni, ine sukulu sindinapite patali, koma sikelo ndimaidziwa kuposa nkhope ya mkazi wanga. Makinawa anabwera kuno ali firii pointi folo. Achoka ali firii pointi ziro. Ndabwera kudzatenga magalamu anga."

A Dikisoni anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso. Anawerama kuseri kwa kauntala, n'kutulutsa padi yokulungidwa ndi mawaya, mmene ndinaikulungira ine ndi manja angawa. Anaiika pamwamba pa chikwama. Singano ya sikelo inasuntha pang'onopang'ono, n'kuima pa firii pointi folo.

Anati ndinaisiya pa benchi, ndipo anandithamangira mpaka pa siteji, koma ndinali nditapachika kale mutu pawindo ndikuuza dalaivala kuti aponde.

Munthu wanzeru akanapepesa pomwepo n'kutulukira khomo la kuseri. Ine ndinamenya kauntala.

"Ndiye mwadzigwira nokha! Kubwera firii pointi folo, kuchoka firii pointi folo. Nanga gemu ili kuti?"

Amayi ena a kabichi anavomereza kuti funsolo ndi lomveka. A Dikisoni anapempha kuti ndimasule mfundo zanga. Makinawo anawasiya pa sikelo pomwepo, n'kulumikiza mawaya ku TV. Magetsi tsiku limenelo analipo, ngati kuti nawonso anabwera kudzaonera.

Pagalasi panatuluka bwalo lobiriwira kuposa tiyi wa m'dzinja. Osewera makumi awiri ndi awiri, woyimbira, anthu zikwizikwi akuchemerera mpaka shopu kunjenjemera. Ine maso anali pa singano. Inali chiimire. Ndinaigogoda ndi chala. Wogulitsa nyama anandiuza kuti ndisamuonongere sikelo.

A Dikisoni anandifunsa modekha kuti m'foni mwanga muli nyimbo zingati za kwaya, ndipo ngati thumba la buluku linayamba lang'ambikapo chifukwa cha kulemera kwake. Anthu anaseka mpaka mmodzi wa a ku Limbe aja anakhala pansi. Ine ndinayang'ana denga, ndinayang'ana nsapato, ndinalakalaka dzino lija litandigwiradi.

Amake Esinati sanaseke. Anapempha padi imodzi, n'kufunsa batani lothamangira ndi lomenyera mpira. Ina anandipatsa ine. Pasanathe mphindi zisanu anali atandimwetsa zigoli zitatu, amayi a kabichi akululutira. Atamaliza anapukuta padiyo ndi chitenje, n'kunena kuti aiona ndi maso, aigwira ndi manja, mbuzi yawo ikuthamanga bwino. Anapepesa kwa a Dikisoni m'malo mwanga. Anapemphanso chikuto chopanda kanthu cha chimbale, chokhala ndi chithunzi cha mpira, kuti apongozi akapeze chogwira. Mpaka lero chili pakhoma kwa apongoziwo, pafupi ndi kalendala.

M'minibasi pobwerera makina anali pamiyendo pa amake Esinati, ndipo ndinadziwa kuti pakhomo pa bizinesi ija padzakhala iwo, ine dengu likundidikira Lolemba. Tinadutsa minda ya tiyi iwiri. Kenako ndinafunsa chapansipansi za bulangete, ngati ndikafike ndi kulipinda.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi.

"Lisiyeni, abambo ake Esinati. Lero ndaphunzira kuti chinthu chikhoza kukhalamo koma sikelo osachiona. Ndiye mwina nzeru zanu nazonso zilimo, munangochita dawunilodi."

Kuyambira tsiku limenelo pa sikelo ndimakwezapo masamba okhaokha, ndipo a Namakhwa akandipempha kuti tiyezeko mutu wanga ndimakana, poti nambala yake ndikuidziwa kale.