Kauboyi Woopa Kavalo

Aliyense m'tauni yathu ino ya ku Oklahoma akuuzani kuti malemu Delbert Pruitt anali kauboyi weniweni. Bodza. Munthu ameneyu ankaopa kavalo ngati imfa.

Ntchito yake inali kuima pakona ya msewu waukulu wakale wa m'tauni muno, atavala jombo ndi chipewa chakhonde, alendo n'kumamujambula. Ine ndinaphunzitsa mbiri ya dera lino mpaka kutuwa tsitsi, koma palibe anandijambulapo. Nkhope ya Delbert ndiyo inali pamakapu ndi pamalaya.

Chaka china meya wathu, mayi Lurleen Boggs, anamuitana.

"A Delbert, alendo akufunsa kavalo wanu. Pa perete wa tsiku la ufulu mukwere. Mukakana, malo anu aja tipatsa mnyamata wina wa mumzinda wa Tulsa."

Pakona pamenepo ndiye panali moyo wake wonse. Anabwera kwathu milomo itauma.

"Aphunzitsi, mudzandigwirire chingwe cha kavalo pa perete."

"Ine? Munaba ulemu wanga, lero ndikhale wantchito wanu?"

"Ndinu nokha simuseka. Simunasekepo chibadwire."

Ndinavomera kuti ndikaone kugwa kwake ndili pafupi.

Tsikulo tinamukankhira pamsana pa Biscuit, kavalo wokalamba wa m'busa wa mpingo. Delbert anatsitsa chipewa mpaka pamphuno, n'kutsinzina. Oimba malipenga atayamba, makutu a Biscuit anaima. Chingwe chinalimba m'manja mwanga.

"Kavaloyu akutani?" ananong'ona Delbert.

"Akuganiza. Khalani chete."

"Akuganiza chiyani?"

"Zokuphani."

Tinayenda pang'onopang'ono pakati pa mbendera ndi ana. Thukuta linkadontha kuchibwano kwa Delbert. Pafupi ndi nsanja ya meya wina anaphulitsa kafataki. Biscuit anakweza miyendo yakutsogolo m'mwamba, ine n'kulendewera pachingwe, phewa langa n'kuguluka. Delbert sanagwedezeke. Mantha anali atamuumitsa gwa, moti ngakhale kugwa sakanatha.

Anthu anaphulika ndi kuomba m'manja.

"Taonani mwamuna!" anakuwa meya. "Sanaphethire n'komwe."

Akanaphethira bwanji, maso ali otseka chiyambire?

"Aphunzitsi, ndafa?"

"Ayi. Mwatchuka."

Malo ake anawasunga mpaka imfa, ndipo sanayandikirenso kavalo. Za phewa langa palibe anafunsa. Limandipwetekabe kukazizira.

Tsopano pakona paja anaimika chiboliboli chake: kavalo ali njo, Delbert ali pamwamba, maso ali tong'o kuyang'ana kumadzulo. Wogwira chingwe palibepo. Ndinakadandaula kumsonkhano wa tauni kuti maso amenewo ndi abodza, koma anandiuza kuti ndikhale pansi.

Alendo amaimabe, kujambula, n'kumapita. Chibolibolicho sichiwafunsa kumene achokera, sichinama za ng'ombe zimene sichinawetepo. Pakonapo pali zii.

M'mawa ndikamadutsa ndimayang'ana uku ndi uku. Kukakhala kulibe munthu, ndimagwira mwendo wa kavalo wachitsuloyo.

"Tsinzinani, a Delbert. Ndagwira."