Mapointi a Adokotala ndi Bere la Wamakani

Kwa Olemekezeka Wapampando,
Bungwe Loona za Madokotala a Ziweto.

Bwana,

Ine ndine mayi wokalamba, ndinaphunzitsa masamu zaka 34. Pano ndimaweta ng'ombe zamkaka zitatu, mbuzi 11 ndi nkhuku 26. Sindiyenera n'komwe kulembera munthu wamkulu ngati inu, koma kuthokoza kwandisefukira, choncho ndakuika m'manambala kuti kusatayike.

1. Zikomo chifukwa cha lamulo lanu lakuti dokotala aliyense azipeza mapointi 60 a maphunziro pachaka, apo ayi alandidwe chiphaso. Dera lathu lonse lili ndi dokotala mmodzi, ndipo lamuloli lawanola kwabasi. Chaka chino ndapita ku ofesi yawo ka 19, mapazi 2,140 ulendo umodzi. Ndawapeza kasanu ndi kawiri. Maulendo ena 12 ndinalandiridwa ndi pepala la pachitseko lonena kuti ali kumsonkhano. Ndi pepala laulemu, ndipo analikuta ndi pulasitiki podziwa kuti likhalitsa.

2. Zikomo chifukwa cha masatifiketi. Pakhoma alipo 23, moti anachotsa chithunzi cha nkhupakupa kuti ena akwane. Tsiku limene mbuzi yanga inatupa mimba ndinawawerenga onse kudzera pazenera. Imodzi inali ya msonkhano wa masiku anayi wokambirana za kufikira mlimi msanga. Mbuziyo ndinakaipeza itauma kale, koma ndimadzitonthoza kuti inafera m'dera la munthu wophunzira.

3. Zikomo chifukwa cha kawerengedwe kanu, kamene adokotala anandifotokozera. Kukhala pampando m'hotela tsiku limodzi ndi mapointi atatu. Chaka chatha, ng'ombe yanga Wamakani ikubereka, thole linatsogoza matako. Adokotala anagona m'ndowe maola atatu ndi mphindi khumi, mkono uli m'kati mpaka paphewa, mpaka analitulutsa lamoyo. Pamenepo mapointi palibe. Ine m'kalasi ndinkachonga mwana wopeza yankho, osati wongofunditsa benchi. Ndaona tsopano kuti ndinkalakwitsa zaka zonse zija.

4. Musandiyese wodana ndi sukulu, bwana. Luso lotembenuza thole m'mimba analiphunzira kumsonkhano wanu womwewo, zaka zisanu zapitazo. Ndiye kuti mwa masatifiketi 23, imodzi yandipatsa thole. Mwana wopeza 1 pa 23 ndinkaitanitsa makolo ake, koma inu ndikungokuomberani m'manja.

Tsopano ndifike pa kavuto kanga kakang'ono. Adokotala ali ndi mapointi 54. Atsala nawo asanu ndi limodzi mwezi uno usanathe, ndipo msonkhano wanu womaliza uli pa 28 ndi 29, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera kuno. Wamakani alinso ndi bere. Ng'ombe imatenga masiku 283. Ndawerenga pakalendala katatu, kamodzi chobwerera m'mbuyo, ndipo tsiku likugwera pa 28 pomwepo. Adokotala anamupima sabata yatha n'kunena kuti thole ndi lalikulu kuposa lija.

Akapita, ndikhoza kutaya ng'ombe imene imandipatsa malita 14 mwa 22 a tsiku lililonse. Akatsala, mulanda chiphaso, ndipo tonse kuno titsala ndi pepala la pachitseko. Adokotalawo, mwana wa eni, akuonda ndi nkhawa, lamba wasuntha mabowo awiri.

Ndayesa kumufotokozera Wamakani za lamulo lanu, ndime ndi ndime. Anabzikula ka 52, kenaka n'kundifulatira. Mumukhululukire, sanapiteko kumsonkhano ndi umodzi womwe.

Pempho langa ndi ili. Popeza kalata yanu imatha kuchotsa dokotala m'khola, ndikhulupirira ingathenso kuimitsa bere. Mumulembere Wamakani, pa pepala la bungwe ndi chidindo, kuti ayambe wadikira mpaka pa 30. Ndimuwerengera ndekha mokweza.

Ngati malamulo salola kulembera ng'ombe, musavutike mtima. Adokotala apite akamalize mapointi awo, kuno mubwere ndinu, pakuti m'dziko lonse palibe amene wakhalapo pa misonkhano yambiri kuposa inu. Madzi ofunda ndi sopo ndikonza ine. Inu mungovala malaya a manja aafupi.

Ine wanu wogwada ndi mawondo onse awiri, ngakhale lakumanzere limavuta,

Mphunzitsi wopuma,
Khola lachitatu mukadutsa mlatho.