Penti Yofiira pa Galimoto ya Alamu Anga

Mukadzamva kuti pa mpingo wa Amalawi ku South Bend pali katswiri wa zamagalimoto, mudzayambe mwafunsa ngati si ine. Akadzavomera kuti ndine, mudzabise makiyi. Ndikunena izi mtima ukuwawa, chifukwa dzina la ukatswirili ndinkalikonda kwambiri.

Ukatswiri wanga unachokera ku minibasi. Ndisanabwere ku America ndinali ndi theka la minibasi yoyenda pakati pa Limbe ndi Ndirande (theka linalo linali la mnzanga, ndipo ndimakhulupirirabe kuti theka lakelo ndi lomwe linkawonongeka kawirikawiri). Nditayamba ntchito mu labu ya pachipatala kuno, mbiri imeneyi inali itafika kale. Wophunzira aliyense wongobwera kumene akafuna kagalimoto kotchipa, ankamutumiza kwa ine. Ndinkapita naye, kumenya matayala ndi nsapato, kununkhiza oyilo, kenako n'kupukusa mutu kuti wogulitsa achite manyazi atsitse mtengo. Nthawi zambiri zinkatheka ndithu.

Ndiye kunabwera nkhani ya alamu anga, a Nabanda, akulu awo a mkazi wanga. Iwo ankasamalira okalamba m'makomo, ndipo kwa zaka zingapo ankasamalira mzungu wina wamasiye. Mkuluyo atamwalira, ana ake anauza alamu kuti bambo awo anasiyira alamuwo galimoto yomwe inali mu galaja. Tinapita kukaiona tonse. Inali ya zitseko ziwiri, ya chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, imodzi mwa zija Amereka ankazipangira liwiro ndi phokoso basi. Boneti yake inali yaitali ngati tebulo la paukwati. Koma penti yobiriwira inali itazilala, mpando wa dalaivala utang'aluka, chiwongolero chili chopyapyala, ndipo wailesi inkagwira masiteshoni ongolongolola okhaokha. Ndinailiza injini, galaja yonse inanjenjemera, koma mumtima ndinangoti chiphakasa.

Mwana wa malemuyo anatipatsa nambala ya mnzawo wa bambo ake, mkulu wina dzina lake Hank, wokhala ku Speedway m'kati mwa Indianapolis, yemwe ankaifuna galimotoyo kuyambira kalekale. Alamu anaimba ife tikumvetsera. Hank atatchula mtengo, alamu anamupempha kuti abwereze, kenako anakhala pansi. Ndalamazo zinali zokwanira vuto limene linkawasowetsa tulo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tadala, anali atapeza malo pa koleji ya zaunamwino, sukulu inkatsegulidwa mu Ogasiti, ndipo fizi inali isanaoneke. Hank anati anali ku Florida kuthawa chisanu, tidzamupititsire galimotoyo akabwerako mu Meyi. Asanadule foni anawonjezera mawu awa: "Chonde musaigwire. Ngakhale kuitsuka musavutike."

Apa m'pamene nzeru zanga za ku Limbe zinadzuka. Kwathu wogula akakuuza kuti usavutike kukonza, ndiye kuti akufuna adzaloze zoipazo pokambirana mtengo. Ndani anagulitsapo nyumba osaipaka laimu? Ngakhale wogulitsa nsapato za kaunjika amayamba wazipolisha.

"Alamu," ndinatero, "munthu ameneyu ndi wochenjera. Ngati akupereka ndalama zimenezi galimoto ili chonchi, nanga itawala adzapereka zingati?"

"Koma wanena kuti tisaigwire, alamu."

"Ogula onse amatero. Inu pitirizani ma dabo shifiti anuwo, izi ndizihandula ineyo."

Anandiyang'ana, kenako anandipatsa makiyi ndi manja awiri. "Inu ndi amene mumazidziwa izi," anatero. (Mawu amenewa ndimawamvabe ndikamasamba.)

Ndinayamba ndi kutsuka basi. Nditatsegula boneti ndinapeza timapepala takale tomatidwa uku ndi uku, ndi zilembo za choko zimene wina analemba pa chitsulo. Ndinati uwu ndi uve wa amakaniko, ndipo ndinapala zonse mpaka mbee. Galimoto itayera, kuzilala kwa penti kunaonekera kwambiri, moti ndinaipititsa kwa mnyamata wina wopenta motchipa. Anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinamuuza kuti asandiphunzitse ntchito, ndipo ndinasankha penti yofiira yonyezimira, chifukwa sindinaonepo munthu akuthamangitsa galimoto yobiriwira ngati masamba a mpiru.

Penti yatsopano inachititsa manyazi malimu akale a matayala, choncho ndinagula ena owala ngati siliva. Malimu owala anachititsa manyazi mipando, ndiye mipando inakutidwa mwatsopano. Chiwongolero ndinaika chonenepa. Wailesi yoimba ma CD inakana kulowa pa bowo la yakale, koma macheka anathandiza. Kabyuleta ndinasinthanso, poti yakaleyo inkatsokomola m'mawa. Injini yeniyeniyo ndinaisiya, osati mwanzeru ayi, koma chifukwa khadi langa la kubanki linayamba kukana.

Tsono Mmalawi sataya chitsulo. Mwezi womwewo anzathu ankatumiza kontena kumudzi, ndipo ine ndinali ndi kamalo kanga m'menemo. Malimu, wailesi, chiwongolero ndi kabyuleta ndinazikulunga m'majekete akale n'kulemba dzina la msuweni wanga Yohane, yemwe amawotcherera zitsulo ku Mchesi. Ndinagona tulo tabwino usiku umenewo, ndikudziona ngati munthu wothandiza mayiko awiri nthawi imodzi.

Alamu ataiona galimoto anagwira pakamwa. Ine ndinati ndi chimwemwe. Mkazi wanga anandifunsa ngati mzungu uja akudziwa, ndipo ndinamuyankha kuti sapulaizi siuzidwa.

Loweruka lina mu Meyi tinanyamuka, ine pa chiwongolero, alamu pambali, Tadala kumbuyo. Ulendo umenewo sindidzauiwala. Pa maloboti a ku Kokomo anthu ankatsitsa mawindo kutiyang'ana. Titafika mu Indianapolis tinaima kaye pa sitolo ina ya mu Lafayette Road kuti alamu agule ufa ndi nsomba zouma, ndipo anyamata a ku West Africa anatizungulira n'kumandipatsa moni wa ulemu. Ndinatsamira boneti ndi kuwafotokozera zonse zimene ndinachita. Mmodzi anandipempha nambala ya foni.

Hank tinamupeza atatidikira panja pa nyumba yake, mkulu wamtali wa ndevu zoyera, atavala kapusi. Ndinaimika galimoto patsogolo pake penipeni ndi kuiliza kamodzi kuti amve. Iye anatipatsa moni, kenako anasuzumira kumsewu kumbuyo kwathu.

"Galimoto ija ikubwera pa lole?" anafunsa.

"Ndi imeneyi, bwana," ndinatero, ndikuisisita denga.

Hank anaiyandikira galimotoyo. Anaizungulira pang'onopang'ono, anasuzumira mkati, anagwira pamene ndinacheka poika wailesi. Atatsegula boneti anaima nthawi yaitali. Kenako anavula kapusi ija n'kuigwira pachifuwa, monga timachitira maliro akamadutsa. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Mapepala ndi zolemba za choko zinali apa zapita kuti?"

"Ndinayeretsa."

"Zinalembedwa ku fakitale tsiku limene galimotoyi inkapangidwa," anatero motsitsa mawu. Anafotokoza kuti galimoto za mtundu umenewu zopentedwanso n'zambirimbiri, ndipo Loweruka lililonse zimadzaza mabwalo a zionetsero. Yosowa inali iyi, yomwe inali isanagwidwepo ndi munthu chitulukire m'fakitale. Mtengo uja sunali wa liwiro kapena kukongola. Unali wa penti yozilala ija, mpando wong'aluka uja, ndi wailesi yolongolola ija. Anati iye ndi malemu anakaitenga limodzi kwa ogulitsa ali anyamata, ndipo malemuyo anakana kuipenta moyo wake wonse.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati kwathu galimoto ikasinthidwa zipangizo mtengo umakwera, ndipo timachita kulemba pa galasi kuti zonse ndi zatsopano. Hank anagwedeza mutu mwaulemu, ngati mmene dokotala amamvetserera wodwala amene wamwa kale mankhwala olakwika. Anatenga tochi ndi kagalasi, anagona chagada pansi pa galimoto, n'kuyerekeza nambala ya pa injini ndi ya pa thupi la galimotoyo. Zinagwirizana. Umphawi wanga unali utapulumutsa chinthu chimodzi.

Mtengo watsopano umene anatchula unali wongopitirira pang'ono theka la woyamba uja. Ndinapukusa mutu monga mwa chizolowezi, koma panalibe amene anachita manyazi kupatula ine. Anawonjezera kuti tikamubweretsera zipangizo zakale zija akhoza kukwezako ndithu.

"Zili kuti?" anafunsa alamu, koyamba kundiyankhula chifikireni.

"Zili m'njira."

"Njira ya kuti, alamu?"

"Ya ku Lilongwe."

Galimoto tinamugulitsa Hank pa mtengo watsopanowo, ndipo pobwerera tinakwera basi. Sindinadziwe kuti ulendo wa ku South Bend ungatalike chotero.

Ndinagula makhadi oimbira foni kumudzi ndi kumuchenjeza Yohane kuti katundu akafika asakhudze chilichonse, chifukwa zitsulozo ndi zamtengo wapatali. Kumeneko kunali kulakwa kwanga kwachiwiri. Munthu wa ku Mchesi ukamuuza kuti chitsulo chili ndi mtengo, wamuuza kuti afulumire. Kontena itafika mu Julayi ndinaimbanso.

"Achimwene, musadandaule, zonse zayenda bwino," anatero Yohane mosangalala. "Malimu awiri tamangira ngolo ya mkulu wina wa ku Mitundu. Limodzi ndi belu la pa tchalitchi, likulira bwino zedi. Linalo ndapanga mbaula."

"Nanga kabyuleta?"

"Anatenga munthu wa chigayo. Koma wailesi ija munatinamiza, sikugwira kanthu."

Lamlungu lotsatira tinakumana kunyumba kwa alamu. Ndinapepesa ndi mawu onse amene ndimawadziwa. Iwo anangoti, "Palibe kanthu, alamu, munachita ndi mtima wabwino. Madzi akatayika saoleka." Kukhululukidwa kotere kumapweteka kuposa mbama. Kenako Tadala, yemwe amamva Chichewa chonse koma amayankha m'Chingerezi, ananena modekha kuti wafunsa kale kukoleji, ndipo amulola kudikira chaka. Anati apeza ntchito mu sitolo, tisadandaule. Anatero akundimwetulira ine, bambo ake aang'ono, amene ndinamulandira pa bwalo la ndege ali kamwana. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

M'galimoto pobwerera kwathu mkazi wanga sanakweze mawu. Tinali ndi ndalama zimene tinkasunga kuti tigule puloti ku Area 49 ndi kuyamba maziko a nyumba.

"Bambo a Chisomo," anatero, "mwana uja akupita kusukulu chaka chino."

"Ndikudziwa."

"Mawa mudutsire kubanki musanapite ku ntchito."

Ndinadutsirako. Tadala anayamba sukulu mu Ogasiti momwemo, ndipo lero ndi namwino pa chipatala china chachikulu mu Indianapolis. Alamu sanaitchulenso nkhaniyi, kupatula kuti akagula chinthu chatsopano, kaya ndi firiji kaya makina ochapira, amandiuza mwachikondi kuti ndingoyang'ana ndi maso. Hank ndinamva kuti anatha zaka akusakasaka zipangizo zakale m'misika ya zitsulo, ndipo anawononga ndalama zambiri kuti galimoto ija ibwerere ku mtundu wobiriwira umene ine ndinalipira kuti uchoke. (Pano ndinene chilungamo, poti tili tokha: yofiira ija inkaoneka bwino.)

Patapita zaka tinapita kumudzi kukaona abale. Poti tilibe nyumba yathuyathu, tinafikira kwa apongozi, m'chipinda chimene amasungiramo matumba a chimanga. Tsiku lina tikuchokera ku maliro cha ku Mitundu pa galimoto, tinakumana ndi ngolo ya ng'ombe itasenza manyowa. Ndinawazindikira malimu aja nthawi yomweyo, ndipo ndinayang'ana kumbali ngati ndikuona mbewu m'munda. Koma mkazi wanga anali atandiona nkhope. Anandigwira pa bondo, naloza ngoloyo ndi mlomo.

"Chepetsani liwiro, bambo a Chisomo," anatero. "Nyumba yathu ikudutsa."