Tepi ya a Telala

A Telala sankalola mzimayi kudutsa osamuyeza. Kunyumba yosamalira okalamba kuja anali ataiwala zonse, dzina lawo ndi khomo la chimbudzi lomwe, koma tepi sinkachoka m'khosi. Namwino akangofika ndi mapiritsi, tepi ili kale m'chiuno mwake.

"Imani bwino, mayi. Diresi laukwati silifuna wogwedera."

"Agogo, ndili ndi ana anayi!"

"Palibe vuto, tiwonjezera nsalu."

Ophika anayezedwa, okolopa anayezedwa, ngakhale abusa tsiku lomwe anabwera atavala mkanjo.

Amene sankayezedwa ndi akazi awo okha. Mayiwo ankabwera masana alionse atavala diresi lomwe a Telala anasoka ndi manja awo, n'kuima dala pafupi. Ankangofuna kuti awazindikire, ngakhale kamodzi. Tsiku lina mayiwo anawasisita tsaya amuna awowo.

"Iii, inu ndiye ayi! Mukayandikira mtima umandigunda. Ndine wokwatira ine. Kabatani kanga kakaona, tafa tonse."

Anamwino anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayiwo anaseka nawo, nanga akanatani? Kabatani kameneko anali iwowo.

Kenako, masana ena anthu atadya, a Telala anasowa. Anapezeka m'chipinda cha kumapeto, m'bulangete limodzi ndi gogo wina wamasiye, woiwala ngati iwo omwe, nsapato atazindandalika bwinobwino pansi pa bedi. Mkulu wa anamwino analusa, nati chitsekocho chizikhomedwa. Anaitanitsa akazi a Telala kuti adzaone okha.

Mayiwo anaima pakhomo. Gogoyo anali atakulunga tepi kudzanja, akumwetulira m'tulo. A Telala anali atamukoleka mkono m'chiuno monga ankachitira kunyumba zaka zonse zija, akung'ung'udza kuti, "Sendera kuno, Kabatani."

"Musakhome," anatero mayiwo. "Sanandisiye. Angondisokoneza ndi gogoyu."

Anakalirira kuchimbudzi, chifukwa zinawapweteka zedi.

A Telala anamwalira osawayeza akazi awowo. Masiku ano anamwino amadutsa m'khonde ziuno zili pamtendere, ndipo palibe amene akukondwa nazo. Mayiwo amabwerabe masana, koma amalunjika chipinda cha kumapeto. Gogo uja amagonera kukhoma, theka la bedi n'kulisiya.

"Amuna anga abwera liti?" amafunsa.

Mayiwo amakhala pa theka lija, n'kumukonzera bulangete.

"Apita kukagula ulusi, achemwali. Tiyeni tiwadikire limodzi."