Msewu Ndinalambula Ine, Wokondwa ndi Jafali

Amene akuti ndikunama aimirire, ndimuone nkhope. Inu mukuseka pakonapo, munabwera liti ku Doha? Baipasi ija, yozungulira mzinda kuchokera ku Mesaieed mpaka ku Al Khor, ndinailambula ine Twaibu, wallahi, ndi galimoto ya thanki yamadzi.

Kale kunali mchenga wokhawokha. Bwana wanga anati, "Yalla, fulumira, madzi akafike ku Al Khor asanatenthe," ndipo nditaona mzere wa magalimoto m'tauni utaima moti madalaivala ankameta ndevu n'kumeranso asanasunthe, ndinakhotera kuchipululu, dzuwa lake loswa mtengo, kungoti mitengo kulibe ndiye linkaswa miyala, matayala anga n'kuyamba kusungunuka, mphira ukutsalira m'mbuyo wakuda bii, ine osaima, ndiye phula mukuyendapoli. Mukumva? Penapake ndinayetsemula, chiwongolero n'kupotoka, ndi paja msewu umakhota kuseri kwa Industrial Area. Ngamila zitagona panjira sindinalize hutala, ndinangoponda moto thanki n'kuuluka pamwamba pawo, ndipo mainjiniya pobwera kudzayeza anapeza fumbi langa likadali lopindika m'mwamba, anangothirapo simenti, mlatho n'kutha. Ndinafika ndi malimu okhaokha, madzi akadali ozizira.

Tsono imvani zopweteka. Kunali Abiti Saidi, wogwira ntchito m'nyumba ku Fereej Al Murra, amene ndinkamutengera zipatso za tende Lachisanu lililonse, nkhani ya ukwati itayamba kupsa. Kunalinso Jafali wa kwathu ku Mangochi, amene ndinamulandira ndekha pabwalo la ndege asakudziwa ngakhale giya yobwerera m'mbuyo. Korona itabwera, kampu yogonamo antchitofe anaitseka, kutuluka ayi. Lamulo litasintha kuti munthu atha kusiya kampani popanda chilolezo cha bwana, Jafali anadumphira ku hotela ya ku Al Dafna, n'kupatsidwa galimoto yoyera, yozizira mkati ngati fuliji. Ine ndikuyetsemulira m'chipinda chodzaza anthu, iye akuyendetsa Abiti pamsewu wanga, kudutsa pamlatho wanga, zigongono pawindo!

Abiti anandiimbira. "Che Twaibu, baipasi ndi yosalala bwanji! Jafali amaidziwa ngati anaimanga yekha."

Ngati anaimanga yekha! Ndinausa moyo kamodzi kokha, ma AC onse oziziritsa m'zipinda za m'kampu n'kupsa, kunja n'kubuka chimphepo cha mchenga chimene chinabisa nyumba zitalizitali za ku Al Dafna mpaka mbalame zinkayenda pansi zikufunsa njira. Mukumva? Ku nikah yawo, pomanga ukwatiwo, sanandiitane, ati anthu achepe chifukwa cha matenda, koma mpunga unakwanira ngakhale mnyamata wa ku Nepal wochapa magalimoto.

Musandiuze za kupirira, khalas, zatha basi. Tsiku lonyamuka ine, ndidzagwira msewu umenewu ku Mesaieed, n'kuupinda ngati mkeka mpaka ku Al Khor, n'kukauyala pakhomo panga ku Mangochi. Jafali adzaime pamzere wa magalimoto m'tauni ndi mkazi wakeyo mpaka imvi.